Fumbi m'Penti

Lolemba mpaka Loweruka ndimapenta makoma a eni ake,
ku Borrowdale, ku Greendale,
konse kumene agalu amadya nyama.
Zotsalira m'zitini ndimakokota,
kuthira m'mabotolo a chiponde,
n'kubwera nazo ku Mabvuku pa kombi
nditazifungatira ngati mwana wodwala.

Lamulungu ndi langa.
Ndimanyamula kabolodi kodula ku siling'i yakale,
mabulashi atatu, ina inathothoka kale ubweya,
n'kukakhala kuseri kwa miyala ya ku Epworth,
ija inasanjikizana ngati katundu
pamutu pa mayi wopita ku Mbare,
koma osagwa.

Miyala sivuta. Sitopa, sifunsa nthawi.
Lovuta ndi dzuwa:
ukamaliza kusakaniza mtundu wa mthunzi
mthunziwo wasamuka kale.
Mphepo ya mu Ogasiti inagwetsa bolodi chafufumimba,
thambo langa linadzuka ndi mchenga, udzu
ndi nyerere imodzi.
Nyerereyo ndinaisiya. Ili kumwambako mpaka lero.

Ana amandizinga, kufunsa m'Chishona,
ine n'kuyankha m'Chishona,
koma mitundu ndimaitchula chamumtima
m'chinenero cha mayi anga:
chikasu, katondo, kubiriwira.
Kufiira kwa msasa ukamaphuka
ndilibe dzina lake konsekonse.

Bambo anga, a Alufandika, anakana zaka zinayi.
"Nkhope yanga ili kale pa chitupa,
boma linajambula."
Koma atatuluka m'chipatala kachiwiri
anavala jekete la pa ukwati wa mlongo wanga
n'kukhala pa kreti pansi pa mpapaya.
"Fulumira, ndili ndi tulo."

Ndinayang'ana nkhope yomwe ndinkati ndimaidziwa.
Sindinkadziwa kuti khutu lamanzere lili ndi chipsera,
kuti diso limodzi n'lotsikirapo kuposa linzake,
kuti fumbi la simenti la zaka makumi atatu pafakitale
linamanga m'makwinya, sopo anagonja.
Khungu lawo ndinalisaka m'mabotolo onse:
bulauni wa chitseko cha loya wa ku Highlands,
kadontho ka buluu wa dziwe losambiramo,
zotuwa za galaja ya dokotala.
Makoma a eni ake
anakumana pa tsaya la bambo anga.

Anasinza, chibwano pachifuwa.
Atadzidzimuka anayang'ana nthawi yaitali.
"Mphunoyi ndi ya Sikelo, mng'ono wanga.
Unamuonera kuti iwe?
Anatsala ku Ntcheu usanabadwe."
Ndinati ndikonza.
Anandigwira pamkono, bulashi ili m'malere.
"Isiye."

Kumbuyo kwa mutu wawo kunali mbee.
"Ikapo phiri."
"Phiri liti?"
"La kwathu."
Kwathuko ine sindinapondeko.
Analilemba mumphepo ndi chala chonjenjemera,
ine n'kujambula chomwe ndimadziwa:
miyala ya ku Epworth, nditaikokera m'mwamba pang'ono.
Anaseka mpaka kutsokomola,
mpaka mkazi wanga kuthamanga ndi madzi.
"Bodza lako n'lokoma, mwanawe,
koma phiri lathu silivala chipewa."

Chithunzicho chili pakhoma, pambali pa kalendala.
Penti wa nyumba sachedwa kusweka pa bolodi;
mng'alu wayambira pachipumi,
ukutsika mwezi ndi mwezi
kulunjika ku mphunoyo.
Kreti ikadali pansi pa mpapaya,
timayanikapo mbale.

Lamulungu lapitali ndinapita ku damu la Cleveland
kukayesa madzi.
Madzi akundikanikabe.
Ndikathira buluu amaoneka ngati lata,
ndikathira zoyera amaoneka ngati mkaka.
Msodzi wina anaima kumbuyo kwanga, ndowa ili mbee,
n'kundifunsa ngati ndimagulitsa.
Ndinati ayi.
Anapukusa mutu. "Ndiye tonse tagona ndi njala."
Anakhala pansi, n'kuvula chipewa,
ndipo ndinaona kuti diso lake limodzi
n'lotsikirapo kuposa linzake.
Ndinatembenuza bolodi.
Ndinati, musagwedezeke.